Mmene ndinavumbwira pakati pa choko, mabuku ndi ukhansala

Mwezi wathawu kunabwera mphunzitsi wina wachitsikana kwathu, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 2. Anabwera ndi kope la nthano zomwe wakhala akulemba. Titatha kuwerenga, anandinong'oneza kuti amfumu a kwawo akumunyengerera kuti adzaimire ukhansala. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, khala pansi kaye nditereke tiyi." Zimene ndinamuuza tsiku limenelo ndi zomwe ndikulemba pano, chifukwa aphunzitsi a mtima ngati wakewo ndi ambiri.

Ndinayamba uphunzitsi kumapeto kwa 1994. Chaka chimenecho boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, ana n'kukhamukira kusukulu ngati ngumbi: anali pafupifupi 1.9 miliyoni, mwadzidzidzi anafika pa 3 miliyoni. Aphunzitsi anachepa, ndiye anatola ife amene tinali ndi satifiketi koma tisanapondeko ku koleji. Maphunziro enieni tinadzachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pa ntchito, miyezi itatu ku koleji, yotsalayo tili m'kalasi. Ine ananditumiza pa tawuni yathu ino, kamsika ka m'mbali mwa msewu wa M1 komwe basi zimaima kuti anthu agule mbatata ndi tomato pa windo.

Kalasi langa linali pansi pa mtengo, ana opitirira 150, buku limodzi kulimbirana ana khumi. Kukachita mphepo palibe ankamva zomwe ndikunena. Chinthu chokhacho chimene chinkawakhazika chete chinali mawu akuti "Padangokhala!" Onse pamodzi: "Tilitonse!" Ndinayamba kulemba nthanozo pa makatoni a sopo omwe ndinkapempha m'magolosale, n'kumazipachika pa nthambi kuti ana aziwerenga okha. Zina zinali za agogo anga, zina ndinkapeka ndili pa mtondo. Pofika 2009 ndinali ndi makope anayi odzaza.

Mu 2010 ndinasankha nthano zisanu ndi zitatu, ndinazitaipitsa pa kashopu ka pa msika, n'kuzitumiza ku kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre. Yankho linabwera patatha chaka ndi miyezi iwiri. Linali laulemu: nthano n'zabwino, koma mabuku a ana a Chichewa sayenda malonda pokhapokha akhale ogwiritsidwa ntchito m'sukulu. Ndinapsa mtima, ndinkati akundinyoza chifukwa ndine wa kumudzi. Lero ndimaona kuti anandiuza zoona zokhazokha, ine ndi amene ndinatseka makutu.

Ndinaganiza zosindikiza ndekha. Zithunzi anajambula mnyamata wina wolemba zikwangwani za masaluni ndi magolosale, waluso kwabasi. Tinapangana pakamwa K15,000, ndinamulipira, tinagwirana chanza. Buku litatuluka, achibale ake anamuuza kuti madamu alemera ndi zithunzi zako, ndipo anabwera m'mamawa ndi amalume ake kudzafuna gawo lake. Panalibe pepala loti ndionetse. Ngati mukulemba buku, pangano lililonse likhale lolemba, ngakhale ndi mwana wa mchemwali wanu, ndipo pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, akakufotokozereni za umwini wa zolemba ndi zojambula musanapereke ndalama kwa munthu.

Malo osindikizira ku Lilongwe anandipatsa mtengo mu Epulo 2012: mabuku 2,000 a masamba 32, chikuto cha makaka, K380,000. Anandiuza kuti ndikachulukitsa, buku limodzi limatchipa, ndipo n'zoonadi. Ndinakatenga ngongole ku SACCO, koma ndalama zinachedwa kutuluka ndi masabata atatu. M'masabata omwewo, pa 7 Meyi, kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho nditabwerera mtengo unali K560,000. Ndikanabweza ngongoleyo pomwepo, kapena kuchepetsa mabukuwo akhale 300. Koma ndinali nditauza kale mpingo wonse kuti buku likubwera. Tinagulitsa mbuzi zinayi, alamu anga anawonjezera zotsalazo.

Tsiku limene makatoni anatsika pa basi ndinalira ndi chimwemwe. Ndinkanunkhiza mabukuwo ngati mwana wakhanda. Patangotha mwezi ndinayamba kuphunzira zomwe ndinayenera kufunsa chaka chimodzi m'mbuyomo. Ku shopu ina ya mabuku mu mzinda anatembenuza buku langa n'kufunsa, "ISBN ili kuti?" Sindinkadziwa n'komwe kuti ndi chiyani. Ndi nambala imene buku lililonse limadziwika nayo, ndipo kuno kwathu imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba buku lisanasindikizidwe. M'sukulu namo ahedi ankandilandira bwino, koma funso linali limodzi: "Kodi lili pa mndandanda wa mabuku ovomerezeka?" Buku loti lilowe m'kalasi limayenera kuunikidwa kaye, ndipo akatswiri a zimenezi ali ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Ine ndinali nditayamba ndi denga, maziko kulibe.

Aphunzitsi anzanga amene ankati "tidzagula madamu, lingotuluka" anasintha nyimbo: "Tibwerekeni kaye, mwezi ukatha tikuonani." Sindikuwada. Malipiro athu ankatha pa 10. Makolo nawo, munthu wogulitsa tomato angasiye bwanji ndiwo n'kugula buku la K500? Chaka choyamba ndinagulitsa mabuku 214. Otsalawo ndinawasanja kuchipinda motsamira khoma, ndipo nditasuntha makatoni nthawi ya dzinja ndinapeza chiswe chitadya atatu kuchokera pansi, kunja akuoneka abwinobwino. Mabuku amafuna thandala, kutali ndi khoma, ndi kumawasuntha mwezi ndi mwezi.

Ndale zinandipeza ndili m'ngongole imeneyi. Makhansala omwe anasankhidwa mu 2000 anachoka mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala. Zitamveka kuti mu 2014 tidzavota patatu, agulupu anabwera kwathu ndi nduna zawo ziwiri. "Madamu, ana a dera lino onse adutsa m'manja mwanu. Tikufuna munthu woti akatiyankhulire, osati wongodya." Mawu amenewo anandikoma. Usiku umenewo ndinagona ndikuona laibulale ya ana pafupi ndi msika, mashelufu odzaza, mabuku anga ali pamenepo. Bambo a kunyumba anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amake ana, mapanga awiri avumbwitsa. Inu mukufuna atatu." Ndinawayankha kuti akuchita mantha chifukwa ndine mzimayi. Pa mawu amenewo ndinadzawapepesa patapita zaka.

Cholakwa chachikulu kuposa zonse ndinachichita apa. Wogwira ntchito m'boma saloledwa kupikisana pa chisankho ali pa ntchito, ayenera kuisiya kaye. Ine m'mutu mwanga ndinkawerenga kuti 1994 kufika 2014 ndi zaka 20, ndipo ndinkadziwa kuti munthu akakwanitsa zaka 20 m'boma atha kupuma mwakufuna kwake. Koma zikalata zoimira tinkapereka mu Febuluwale, pamene ine ndinayamba ntchito kumapeto kwa chaka. Zaka 20 zinali zisanakwane, kunatsala miyezi yowerengeka. Ndinatuluka ngati wosiya ntchito, osati wopuma. Ndalama zomwe ndinalandira zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi za anzanga amene tinayamba limodzi, ndipo zinatenga zaka ziwiri ndi theka, maulendo osawerengeka, fayilo ikusowa n'kupezekanso. Musadalire masamu a m'mutu kapena a mnzanu wa m'chipinda cha aphunzitsi. Pitani kwa woona za ogwira ntchito ku ofesi ya maphunziro, akuwerengereni zaka zanu kuchokera pa kalata yolembedwera ntchito, ndipo akulembereni papepala zomwe mudzapeze mukachoka lero ndi zomwe mudzapeze mukadikira. Ndikanachita zimenezo ndikanadikira 2019.

Pa chisankho cha chipulula cha chipani chomwe ndinalowa ndinagwa. Anthu ankaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, ndipo m'mawa wa tsikulo lole inatsitsa nkhope zomwe sindinazionepo m'dera lathu. Ndinaima pandekha. Chizindikiro changa, mungaganize nokha, chinali buku lotsegula. Kampeni inandidyera pafupifupi K650,000: nsalu, matisheti, kabaza, chakudya cha anyamata ondiperekeza, ndi mamonita a tsiku lovota amene aliyense amafuna kadzutsa, nkhomaliro ndi mayunitsi. Theka la ndalamazo linachokera ku banki m'khonde, chiwongoladzanja 20 peresenti pamwezi. Popeza ndalama zogawa ndinalibe, pa msonkhano uliwonse ndinkagawa mabuku anga. Ndinagawa okwana 600, ndikudziona wochenjera kuti ndapeza njira yochotsera makatoni kuchipinda. Pa 20 Meyi 2014 tinavota, ndipo ndinapambana ndi mavoti 83 okha pamwamba pa wonditsatira.

Nthungululu zinatha sabata imodzi. Khansala alibe malipiro enieni, amangolandira kangachepe kothokoza, ndipo kathu kankabwera mochedwa, nthawi zina miyezi itatu pamodzi. Njinga yamoto imene anthu ankati boma landipatsa inali ya ngongole. Koma kumudzi ndinali "mayi khansala", munthu wa ndalama. Maliro oyamba atachitika ndinagula bokosi, chifukwa womwalirayo anali mayi amene anandiyendera khomo ndi khomo nthawi ya kampeni. Ndinadzitchera msampha ndekha. Kuyambira pamenepo maliro alionse uthenga unkafika kwa ine usanafike kwa achibale a ku Joni. Mwezi wina ndinalemba m'kope maliro 11. Ukagula bokosi kumudzi uku n'kulephera kumudzi uko, ndiye kuti uli ndi tsankho. Mnzanga wina wa wodi yoyandikana nafe anachita mwanzeru: kuyambira tsiku loyamba ankapereka chipepeso chofanana paliponse, n'kukhala pa siwa mpaka kucha. Anamunena kuti ndi woumira kwa miyezi ingapo, kenako anamuzolowera.

Nanga laibulale? Apa m'pamene ndinazindikira kuti khansala alibe thumba. Chitukuko chimayambira ku komiti ya m'mudzi, VDC, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kenako ku khonsolo, komwe chimakalimbirana malo ndi zofuna za boma lonse. Ndalama za CDF, za chitukuko cha dera la phungu, zomwe zinayamba mu 2006, mawu aakulu pa izo anali a phungu, ndipo kuyambira 2010 aphungu ankavota nawo m'khonsolo momwemo. Pa msonkhano wa ADC anthu atasanja zofuna zawo, woyamba unali mlatho, kenako mijigo, kenako nyumba ya sikelo ya ana. Laibulale yanga inali pa nambala 9. Ndinaimirira n'kulankhula nthawi yaitali za ubwino wowerenga, monga mphunzitsi. Nditakhala pansi, gogo wina anakweza dzanja: "Madamu, mwana amene wakokoloka ndi madzi awerenga bwanji buku?" Anthu anaseka, ine nkhope inagwa. Koma gogoyo sananame. Mtsinje umene ankanenawo ukadzaza, ana a tsidya lija ankajomba sabata yathunthu, ndipo ndinkadziwa bwino zimenezo chifukwa ndinkawaika chizindikiro cha kujomba ndi dzanja langa lomwe.

Sindinagonje msanga, ndipo ndikanagonja bwenzi zili bwino. Ndinanyengerera midzi itatu kuumba njerwa za laibulale, ndikuti zikaoneka njerwa abwenzi akufuna kwabwino apezeka. Anaumba pafupifupi 30,000. Ndalama za nkhuni zootchera sizinapezeke pa nthawi yake, mvula ya mu Januwale 2015 inabwera, njerwa zonse zinabwerera ku dothi. Mpaka lero anthu amati "tinaumba njerwa za madamu." Musaumbitse anthu njerwa ndalama za gawo lotsatira musanazione ndi maso. Thukuta la anthu ndi ngongole yoposa ya banki m'khonde.

Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali ndalama. M'buku langa munali nthano ya Fisi amene anapatsidwa udindo wosunga mbewu za mudzi, n'kumadya pang'onopang'ono usiku. Ndinailemba mu 2009, ndale ndisanazilote n'komwe. Koma nditayamba kufunsa mafunso m'khonsolo za makuponi ndi za simenti ya pa ntchito ina, anthu anatsegula bukulo n'kuyamba kuloza kuti Fisi ndi uje. Ena ankati ndi aphungu, ena amfumu ena ake. Ndinaitanidwa ku bwalo, ndinapita ndi kope langa lakale lokhala ndi deti, koma ndani amawerenga deti anthu atakwiya kale? Ndinapepesa ndi nkhuku pa mlandu wa nyama ya m'nthano.

Kenako ndinapita ku sukulu yanga yakale kuti ndikawerengere ana a Sitandade 2 monga ndinkachitira. Ahedi, munthu amene tinkadyera mbale imodzi pa nkhomaliro, anandilandirira pa khomo la ofesi. "Mayi khansala, pepani, mukafuna kulankhula ndi ana mudzere kaye kwa a PEA, alangizi a sukulu za dera lino. Makolo ena akudandaula kuti mabuku aja ndi a kampeni." Sanandiitane madamu. Ndinabwerera ndikumeza misozi, ngakhale pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndikanakhala ine pa mpando wawo ndikanachita chimodzimodzi. Buku lomwe wagawa pa msonkhano wa ndale, chizindikiro chako chili buku, lasanduka nsalu ya chipani. Sabata yomweyo ndinagula zitumbuwa pa msika, ndipo mwana wogulitsayo anandikulungira m'pepala lomwe ndinalizindikira ndisanalitambasule. Linali tsamba 14, pamene Kalulu amawoloka mtsinje.

Mu 2016 boma linayambitsa National Reading Programme, ndipo nkhani ya kuwerenga m'makalasi oyambirira, imene ndinaiimbira nyimbo zaka zonsezo, inafika pakamwa pa aliyense. Anzanga ankapita ku maphunziro ku TDC, malo osulira aphunzitsi a m'dera, akubwerako ndi njira zatsopano zophunzitsira maliwu ndi maphatikizo. Ine ndinali pa njinga yamoto kuthamangira maliro ndi milandu ya malire a minda. Pa zaka zisanu za ukhansala sindinalembe nthano ngakhale imodzi.

Sindikunena kuti zonse zinali zachabe. Mlatho uja unamangidwa mu 2017, ndipo ndinaulondola ndekha kuyambira ku ADC mpaka kuwerenga matumba a simenti pa malo a ntchito. Tsiku lotsegulira panadzaza nsalu za chipani cha aphungu, dzina langa silinatchulidwe, koma ana a tsidya lija amawoloka. Mijigo inayi inakonzedwa. Ndinaphunzira kuwerenga bajeti ndi kufunsa funso loti munthu asathawe. Ntchito ya khansala ndi imeneyo: kukhala m'makomiti, kulondola mapepala, kukangana mwaulemu. Amene amaikonda aipite, ndi yofunika. Ine ndinailowa ndikufuna chinthu china.

Mu 2019 ndinaimanso, makamaka chifukwa cha manyazi osiya. Lamulo la zipani la 2018 linali litaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma ine ndinalibenso choti ndigawe. Pa 21 Meyi ndinathera pa nambala 3. Foni imene inkalira usiku ndi usana inangoti zii. Ndinakhala masabata awiri osapita ku msika, ndikutuma adzukulu. Ngongole zonse titaziphatikiza zinapitirira K1 miliyoni, ndipo bambo a kunyumba anagulitsa ng'ombe ziwiri zomwe ankalimira ndi kukokera ngolo. Sananene kuti "ndinakuuzani." Kukhala chete kwawoko kunandilasa kuposa mawu.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana a m'dera lathu ankangoyendayenda pa msika. Tsiku lina atatu anakhala pakhonde pathu kuthawa dzuwa, ndipo ndinatulutsa buku limodzi mwa otsala aja. Mawa lake anabwera asanu ndi awiri. Ndinkawagawa m'timagulu, chidebe cha madzi ndi sopo pa khomo. Kumeneko ndi kumene ndinaona chinthu chimene palibe anandiuzapo, chifukwa akuluakulu onse ankangoyamikira: buku langa linali lovuta. Ndikamafotokoza nthano pakamwa ana ankasangalala, koma akaligwira okha ankakakamira pa mzere wachiwiri. Tsamba limodzi linali ndi mawu oposa 80, zilembo zazing'ono, ndi mawu aatali ngati "anadzidzimukiratu" amene mwana wa Sitandade 2 amafika pakati ataiwala poyambira. Ndinalemba kuti aphunzitsi anzanga andigomere, osati kuti mwana awerenge. Zaka zisanu ndi zitatu ndinkadandaula kuti anthu sakonda kuwerenga, osadziwa kuti mbali ina vuto linali m'katoni mwanga momwe.

Ndinayambiranso. Nthano iliyonse tsopano ndimayamba ndaiwerengetsa ana asanu a misinkhu yosiyana, ine ndili chete ndi pensulo, ndikulemba mzere pansi pa liwu lililonse lomwe apunthwa. Tsamba limakhala ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu. Ndimachita fotokope timabuku 40 pa shopu ya pa msika, n'kumenya sitepulo ndekha, ndipo ndimapanganso ena pokhapokha oyambawo atatha. Kwacha itagwanso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mtengo wa pepala unakwera, koma ulendo uno unandipeza ndilibe ngongole ya munthu. Mnyamata wa zithunzi uja tinagwirizananso, pano ndi bambo wa ana atatu, ndipo pangano lathu lili papepala, aliyense ndi kope lake. M'mawa ndimaphunzitsa pa sukulu ina yoti si yaboma, malipiro ake osafika pa omwe anzanga a 1994 amalandira ngati penshoni. Loweruka ndi la pakhonde. Chisankho cha 2025 chitayandikira nduna za agulupu zinabweranso, ndinaziphikira nsima ya nkhuku, n'kuziperekeza mpaka pa msewu.

Mphunzitsi wachitsikana uja anamvetsera zonsezi tiyi wake mpaka kuzizira. Anandifunsa ngati ndikumuletsa. Ndinati ayi, koma ayambe wayankha ngati akufuna mlatho kapena buku, ndipo asanawayankhe amfumu tipitire limodzi ku ofesi ya maphunziro akamuwerengere zaka zake. Loweruka lapitali anabwera ndi kope lake pakhonde. Ndinamupatsa pensulo, ndinamuuza kuti asathandize mwana aliyense, angomvetsera. Kamtsikana kena ka Sitandade 3 kanawerenga bwino tsamba loyamba ndi lachiwiri, pa lachitatu kanaima, kanayesa kawiri, kenako kanatembenuka n'kufunsa, "Madamu, mawu awawa akutanthauza chiyani?" Tonse awiri tinayankhira pamodzi.